Chitsekero cha aLevulo

Abambo Yosefe Kapalasa anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo tinakawaika kwawo ku Nathenje, chifukwa kuno ku Mitundu anali mkamwini chabe ngakhale anakhalako mpaka imvi. Ine ndi amene ndinalankhula pamaliropo m'malo mwa sukulu yathu. Ndinaimirira nditavala jekete langa labwino, n'kuuza khamu lonse kuti malemuwa anali munthu wosakondera, wogawa chilichonse mofanana, ngakhale madzi a m'chimbudzi. Anthu anaseka pang'ono monga amasekera pamaliro a nkhalamba, ine n'kukhala pansi ndikudziona ngati munthu wowadziwa bwino. Patangotha milungu isanu ndinazula ndi manja angawa chinthu chimene iwo anachisunga zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo chitsime cha mudzi wa kuseri kwa mpanda wathu chinatsala pang'ono kupha ana.

Sukulu yathu ndi ya atsikana, yogonera komweko, ndipo ili m'mbali mwa msewu wafumbi wochoka pa Mitundu kulowera ku Nathenje. Ntchito ya abambo Kapalasa inali yoyang'anira mapaipi ndi zimbudzi. Dzina lawo lenileni ambiri tinalimva bwino pamaliro pomwepo, chifukwa tonse tinkangoti aLevulo, potengera kachipangizo ka amisiri omanga nyumba kaja, kokhala ndi kathovu m'kati, kamene sikankachoka m'thumba la ovolosi yawo. Anali aafupi, a miyendo yamatewe, olankhula ngati akukalipa ngakhale popereka moni. Levuloyo ankaiika paliponse. Kutchalitchi anaimiritsapo anthu pabenchi mapemphero asanayambe, n'kulowetsa kachidutswa ka njerwa pansi pa mwendo umodzi, kenako n'kuwalola kukhala. Mu ofesi ya ahedi ankalowa osaodira, n'kuyeza tebulo eni ake ali pomwepo akulemba, n'kupukusa mutu, n'kutuluka. Tinkawaseka, ndipo iwo ankadziwa kuti tikuwaseka.

Nditangofika kumene pasukulupa, ahedi anandipatsa udindo woyang'anira zokonzakonza, chifukwa chokhacho chakuti ndimaphunzitsa sayansi. Tsiku lachiwiri aLevulo anandiimitsa ndikupita m'kalasi, n'kundiuza kuti bwana wa zimbudzi sangalamule zinthu zimene sanazinunkhize. Ananditengera kuseri kwa hositelo, choko chili m'manja. Kumeneko anandionetsa pamene pali thanki yaikulu yokwiriridwa pansi, imene amati sepitiki. Zonyansa zonse za atsikana zimathera m'menemo. Zolemera zimadikha pansi, mafuta amayandama pamwamba, ndipo amatuluka ndi madzi a pakati okha. Madziwo ukawaona ungati alibe mlandu, koma matenda onse ali momwemo. Sayenera kufika kumtsinje kapena kuchitsime. Amayenera kumwedwa ndi nthaka pang'onopang'ono m'ngalande zinayi zokwiriridwa, zodzaza miyala, nthakayo n'kumawasefa.

Koma chimene iwo ankachikonda, kapena ndinene kuti chimene ankachipembedza, sichinali thanki kapena ngalande. Kanali kabokosi ka simenti ka pakati pa ziwirizi, kosaposa beseni lochapira. Anagwada, n'kusendeza chivindikiro mosamala. Paipi imodzi inkalowetsa madzi kuchokera kuthanki, ndipo mapaipi anayi ankawatulutsa, iliyonse kupita kungalande yake.

"Aphunzitsi, inu ndinu a sayansi," anatero. "Madziwa akalowa muno, amasankha bwanji kopita?"

Ndinayamba kuwafotokozera za mphamvu yokokera zinthu pansi, ndi Chingerezi changa chomwe, koma sanadikire kuti ndimalize. Anati madzi ndi aulesi, alibe mbale ndipo sadziwa ulemu; amangolowa pamlomo umene watsika, ngakhale kutsikako kukhale kochepa ngati chikhadabo. Anatapa gaga m'thumba, n'kumuwaza pamwamba pa madzi, kenako n'kumathira ndowa pang'onopang'ono kuti ndione. Gagayo anagawikana bwinobwino, wina uku wina uku. Anati kabokosi kakangopendekeka, paipi imodzi imameza zonse, ngalande yake imakhuta, imachita ndere zakuda, madzi n'kuyamba kutumphukira pamtunda, pamene zinzake zili gwa kuuma. Ndiye mwezi uliwonse ankayeza milomo ya mapaipiwo, ndipo wotsika ankaukweza ndi kasimenti kotapa pasupuni ya tiyi. Supuniyo inali ya kukhitchini ya sukulu, ndipo ophika sanaifunsenso.

Tsiku lomwelo ndinaona kuti gaga akulowa m'mapaipi atatu okha. Yachinayi inali yotsekedwa ndi chinthu chakuda, chozungulira. Nditafunsa, anayankha osandiyang'ana kuti ngalande imatopa ngati munda, nthawi zina imafuna kuigoneka, ndiye yachinayiyo ikupuma. Zinandimvekera bwino kwambiri moti ndinakazinena m'kalasi. Pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito ndinasuzumira m'kabokosimo mwina kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo uliwonse yachinayi inali ikupuma. Ine wa sayansi sindinadabwe n'kamodzi komwe.

Chifukwa cha kabokosi kameneka anakangana ndi pafupifupi aliyense. Ametironi ankakangana nawo sabata ndi sabata pa nkhani ya nsanza zimene atsikana ankaponya m'zimbudzi. Ankazivuula ndi waya, n'kukaziunjika pakhomo pa ametironi kuti awerenge okha. Ahedi ena atadzalitsa mbande za bulugamu pafupi ndi ngalande, aLevulo anazizula masanasana ana akuona, n'kuzibweza mu ofesi zili m'wilibala, akuti mizu ya bulugamu imanunkhiza madzi patali kuposa mbuzi. Lole ya nkhuni yochokera ku Dzalanyama itafuna kutembenukira kuseri kwa hositelo, anakakhala pachivindikiro penipeni, miyendo atatambasula, n'kuuza dalaivala kuti ayambe waponda iwowo. Dalaivalayo analiza hutala mpaka anatopa, nkhuni n'kuzitsitsira kutali, ophika akutukwana chamumtima. Tsiku limenelo chakudya chinachedwa, koma kabokosi sikanapendekeke.

Chimene chinkatiseketsa kwambiri chinali pakhomo pawo. Nyumba yawo inali kunja kwa mpanda, chakum'mawa, pamalo amene abale a akazi awo, aNachisale, anawapatsa. Ngalande yachitatu imathera pafupi pomwepo, ndipo dothi la kumeneko ndi makande osamwa madzi. Poyamba pankanyowa nthawi ya dzinja yokha. Atsikana atachuluka pasukulu, pankakhala chinyontho chakuda chaka chonse, ndipo fungo lake linkakulonjera usanafike pabwalo. Alamu awo sankalowa m'nyumbamo, ankangoimira kumsewu. Pamowa ankanena kuti mkamwini wawo amawongola mabenchi a kutchalitchi koma walephera kuwongola pakhomo pake. Chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi anakachitira kwa azakhali ake, poopa kuti akuchimuna angabwerere panjira. ALevulo, munthu woti ankatha kukangana ndi dalaivala wa lole maola awiri, pa nkhani iyi yokha sankayankha. Ankangowaza phulusa pachinyonthopo m'mawa uliwonse, n'kukhala pakampando kawo m'mbali mwake kumanola zida.

Titabwerako ku Nathenje kuja, sukulu inachedwa kupeza wolowa m'malo mwawo. Sabata yotsekera, mtima unandiuza kuti ndiwachitire ulemu malemu poyendera kabokosi kawo. Ndinatenga gaga, ndowa ndi levulo yawo, imene aNachisale anatuma mwana kuti aibweze ku ofesi. Milomo itatu inali yofanana bwinobwino. Yachinayi inali ikupumabe. Ndinaganiza za ngalande yachitatu imene inkasenza katundu wosayenera, ndinaganiza za mayi wamasiye wokhala m'fungo, ndipo ndinakumbukira mawu anga a pamaliro aja, akuti malemu ankagawa mofanana. Ndinati m'mtima, ukalamba ndi woipa, mkulu uja anaiwala chitsekero chake. Ndinavala jumbo kumanja n'kuyesa kuchikoka, koma sichinasunthe. Chinali cha mtengo wa muwanga, chosemedwa bwino, chokulungidwa ndi mphira wa chubu, chokhomedwa ndi munthu amene sankafuna kuti chidzatuluke. Zimenezo zikanandiuza kanthu. M'malo mwake ndinakatenga hamala ndi chitsulo, n'kulimbana nacho mpaka thukuta, ndipo chitazuka ndinawaza gaga n'kumuona akugawikana panayi. Ndinasangalala ngati ndachita chinthu cha nzeru.

Chitsekerocho ndinachitsuka ndi sopo n'kuchiika patebulo langa kuti chizitsindikira mapepala a mayeso. Aphunzitsi anzanga ndinawauza kuti ndakonza chimene chinawakanika aLevulo zaka zonsezi. Pakhomo pa aNachisale panaumadi. Ndinkadutsa dala kumeneko popita kumsika, kudikira kuti wina andithokoze.

Atsikana anabwerako kutchuthi, mwezi n'kutha, kunja n'kutentha. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, aNachisale anaima pakhomo la chipinda cha aphunzitsi. Pa zaka zonsezo anali asanapondepo m'kati mwa mpanda wa sukulu. Anali opanda nsapato, fumbi mpaka m'mawondo. Sanapereke moni.

"Aphunzitsi, tiyeni mukaone udzu."

Ndinawatsatira osadziwa kuti ndikupita kuti. Tinatulukira pageti, n'kuzungulira mpanda chakumadzulo, mbali imene ine ndinali ndisanafikeko chifikireni pasukulupa. Kumeneko nthaka ndi yamchenga ndipo imatsetserekera kudambo. Paliponse panali pouma, udzu wofiira wothetheka ndi dzuwa. Koma kuchokera pansi pa mpanda wathu panali mzere wa udzu wobiriwira, mulifupi mwake ngati mphasa, wowongoka ngati wayezedwa ndi chingwe. Ndinauyang'ana mpaka kumene ukuthera. Unkathera pa chitsime chokumba pamanja, chozunguliridwa ndi njerwa, pamene mtsikana wina anali akukoka chidebe. Panalibe fungo lililonse. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, ndipo tsiku limenelo ndinaona ndi maso.

"Mwatsegula yachinayi?" anandifunsa.

"Eya, mayi. Ndimafuna kuti pakhomo panu paume."

Anakhala pansi pafumbi pomwepo, manja kumutu. Anandiuza kuti ana a nyumba zingapo akhala akutsegula m'mimba kwa milungu iwiri, ndipo anthu ankati ndi mango osapsa. Dzulo lake mdzukulu wawo Takondwa, wa zaka ziwiri, mwana wa mwana wawo wa chinkhoswe uja, anamutengera kuchipatala ku Mitundu panjinga ali lefu, maso atalowa m'kati. Pobwerera m'mawa umenewo anadzera kuchitsime, n'kuona udzuwo, ndipo anadziwiratu, chifukwa amuna awo anawaphunzitsa kuti m'chilimwe udzu subiriwira pachabe. Pakhomo pawo patauma paja, iwo ankayesa kuti ndi chifukwa atsikana apita kutchuthi.

Ndinafunsa funso lopusa, lakuti nanga bwanji panalibe amene anandiuza. Ndipo pamenepo, tili pafumbi, mtsikana uja atasiya chidebe n'kumatiyang'ana, aNachisale anandifotokozera za munthu amene ine ndinamutamanda ku Nathenje osamudziwa.

Pamene hositelo inkamangidwa, aLevulo anali mmodzi mwa okumba. Kontirakitala anabwera kuchokera m'tauni ndi pepala lojambulidwa ndi munthu amene sanafikepo kuno, ndipo papepalapo chitsime panalibe. Ngalande yachinayi inaloza kudambo chifukwa mchenga umamwa madzi msanga. ALevulo anayeza ndi mapazi kuchokera pothera ngalande kukafika pachitsime, sanakwane makumi awiri. Anamuuza kontirakitala kuti mchenga umamwadi msanga koma susefa, ndipo madzi adzafika pachitsime matenda ali amoyo. Iye anawayankha kuti anawalemba ntchito yokumba, osati yoganiza. Anakumba. Akuti anafika kunyumba tsiku limenelo osadya, n'kunena kuti akumba manda a ana a eni mudzi ndi piki yawo yomwe. M'mawa mwake anapita kukafuna muwanga, chifukwa suola m'madzi. Anausema masiku awiri kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lotsegulira madzi, anzawo atapita kukadya, anaukhoma. Ankadziwa bwino lomwe kuti madzi okanizidwa kuchinayi adzalemetsa zitatu zotsalazo, ndiponso kuti yoyamba kugonja idzakhala ya pamakande, ya pakhomo pawo. Anawauza akazi awo madzulo omwewo kuti asankhe, fungo pakhomo kapena maliro m'mudzi.

Sikuti anakhala chete kwa onse. Anauza ahedi atatu otsatizana, aliyense payekha, ndipo aliyense anati alemba kalata kuti kudzakumbidwe ngalande ina. Woyamba anawonjezera kuti akadzamvanso kuti akusintha za papepala, ntchito idzatha. Kumudzi ndiye sanafune kuti kumveke. Malo a sukulu anapereka ndi amalume a aNachisale, ndipo abale akanamva kuti sukulu yaloza zonyansa zake pachitsime chawo, mpanda ukanagwa tsiku lomwelo, hositelo n'kutsekedwa. Komanso akanafunsa kuti anakumba ndani, ndipo yankho likanakhala mkamwini wa ku Nathenje. Choncho anawalumbiritsa akazi awo, n'kumalola alamu awo kuwaseka pamowa, alamu omwewo akumwa madzi a chitsime chimenecho.

"Nanga atamwalira, mayi, osandinong'oneza bwanji?"

"Ndinkati ndani angapise dzanja m'menemuja," anatero. "Zaka zonsezi anali okha. Sindinaganize kuti mphunzitsi angagwade pamenepaja."

Ndinathamanga, ine munthu wamkulu, tayi ikuuluka, atsikana akusuzumira m'mawindo. Chitsekero chinali pomwe ndinachisiya, pamwamba pa mapepala a Fomu 3. Ndinachikulunga ndi mphira watsopano n'kuchikhoma mpaka hamala inandisupula chala. Alangizi a zaumoyo anabwera madzulo ake, anathira mankhwala m'chitsime, n'kulamula kuti chitsekedwe mpaka adzachiyeze kangapo. Nkhani yonse inamveka m'mudzi tsiku lomwelo. Mpanda sunagwe, koma alamu a malemu, omwe ankaimira kumsewu aja, anabwera n'kukhala pabwalo la aNachisale mpaka dzuwa kulowa.

Ndimawakwiyira aLevulo, ndisaname. Munthu woti ankakuuza za nsanza za m'chimbudzi uli pakati pa kudya, analephera bwanji kundigwira dzanja n'kunena mawu atatu? Koma mkwiyowo sukhalitsa, chifukwa ndimakumbukira. Katatu konse anandipempha kuti tsiku lina ndidzawaperekeze kuseri kwa mpanda, pali choti andionetse. Ulendo womaliza anali atawonda kale, ovolosi ikuwakhwepa, akutsokomola. Anandipeza pageti Lachisanu ndikuthamangira minibasi ya ku Lilongwe. Ndinati mawa, abambo. Anandiyang'ana monga ankayang'anira tebulo la ahedi, n'kupukusa mutu, n'kubwerera. Lolemba lake anali atagona kale m'nyumba, ndipo sanadzukenso. Safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuitanidwa katatu.

Takondwa anatuluka m'chipatala patatha sabata, atatsala mutu wokha, koma wamoyo. Ana enawo anachiranso. Mvula yoyamba itagwa, chinyontho chakuda chinabwerera pakhomo pa aNachisale, ndipo fungo linabwerera nacho. Ndinapita kukapepesa, ndi manyazi, kuti ndawabwezera m'mavuto. Anali akuwaza phulusa, mdzukulu ali kumsana. Sanasiye kuwaza.

"Lisiyeni linunkhe, aphunzitsi. Likamamveka pano, ndimadziwa kuti uko kuli bwino."

Anandifunsanso kuti ngalande yatsopano adzakumba liti. Ndinatsegula pakamwa, n'kudzimva ndikunena kuti talemba kalata. Ndinachita mantha ndi mawu anga omwe. Iwo anangoti chabwino, ngati munthu amene anawamvapo kale mawu amenewo.

Chitsime chikadali chotseka. Pakamwa pake anaikapo malata akale ndi nthambi za minga, ndipo amayi amayenda ulendo wautali kukatunga kumjigo wa kutsidya kwa dambo, podutsa osandipatsa moni. Mzere wa udzu uja sukuonekanso, wasakanikirana ndi udzu wa dzinja. Kuseri kwa hositelo, pambali pa kabokosi, pali malo awiri osalala pamene mawondo a aLevulo ankagwada, ndipo udzu wayamba kumerapo. Supuni ya tiyi ikadali pamene ankaibisa, pansi pa njerwa, simenti itaumirira. Pakhomo pawo kampando kaja palibe wakasuntha. Kali m'mbali mwa chinyontho, miyendo iwiri pamakande onyowa, iwiri pouma, ndipo kayamba kupendekekera kumadzi. Mwendo umodzi unali ndi kachidutswa ka njerwa pansi pake, koma kanatitimira m'matope.